Maikulosikopu ya m'matope, mota ndi nankafumbwe: momwe ntchito ikuyendera

Loweruka, 4 Okutobala

Maikulosikopu imene ndikufuna kujambulira tizilombo ta m'nkhokwe yafika. Alamu anga anaikweza minibasi ya m'mawa kuchokera ku Nsanje, ataikulunga m'chitenje n'kuiika m'ndowa, ine n'kukailandira pa siteji pano pa Ngabu. Inagwira ntchito zaka zambiri pa kachipatala kawo, kuyeza magazi a malungo, mpaka pamene madzi a namondwe wa Freddy analowa m'chipinda mu Malichi 2023 n'kuisiya ili m'matope. Chichokereni apo yakhala ili pamwamba pa kabati. Mutu wake, uja wa maso awiri, wadzaza chuku, moti ukasuzumiramo umangoona ulusi ngati wa kangaude. Malenzi a 40 ndi 100, kutanthauza okuza chinthu ka 40 ndi ka 100, atha ntchito. A 4 ndi 10 ndawapukuta madzulo ano ndipo kuwala kukudutsa bwinobwino.

Alamuwo anaimba foni kundiuza kuti, "Alamu, musadzivute, chinthucho chinafa kalekale." Pa ntchito yawo chinafadi. Koma chimene ine ndikufuna ndi magudumu awiri ali m'mbaliwa: lalikulu lokweza ndi kutsitsa mofulumira katebulo koikapo chinthu choyezedwa, ndi kakang'ono kokweza pang'onopang'ono mwakuti diso silingaone kuti pasuntha kanthu.

Ndimaphunzitsa zaulimi, ndipo chaka ndi chaka ndimajambula nankafumbwe ndi choko pa bolodi. Ana amakopera chojambula changacho m'makope n'kumachiloweza. Kunyumba kwawo nankafumbwe ali m'thumba la mapira, amamuona tsiku lililonse ngati kadontho kakuda koyenda, koma nkhope yake sanaionepo. Ndikufuna zithunzi zazikulu, zooneka mbali zonse, za tizilombo ta kuno kwathu ku chigwa cha Shire, totoledwa m'nkhokwe ndi m'madimba mwathu momwe.

Vuto la kujambula kanthu kakang'ono n'lakuti ukakakuza kwambiri, kagawo kooneka bwino kamapyapyala. Pa lenzi ya 4, yolembedwa 0.10 pambali pake, kagawoko n'kokhuthala maikuloni 55 basi. Pa lenzi ya 10, yolembedwa 0.25, sikakwana n'komwe maikuloni 9. Maikuloni imodzi ndi milimita itagawidwa ka 1,000, ndipo tsitsi la munthu limakhala pakati pa 50 ndi 100. Masamu ake ngosavuta: tengani 0.55, utali wa funde la kuwala kobiriwira m'maikuloni, mugawe ndi nambala ya pambali pa lenzi ija, 0.10 kapena 0.25, mutaichulukitsa ndi iyo yomwe. Ndiye ukajambula nankafumbwe kamodzi kokha, msana umaoneka ngwee, miyendo ndi mlomo zili chimbuuzi. Njira yake ndi imene amaitcha focus stacking. Umajambula zithunzi makumimakumi, chilichonse katebulo katakwera pang'ono, kenako pulogalamu ya pa kompyuta imatola pooneka bwino pa chithunzi chilichonse n'kulumikiza. Zili ngati kudula chinangwa cha makaka mopyapyala, n'kuchibwezeranso pamodzi kuti chikhale chathunthu.

Ndi dzanja zimatheka, ndinayesapo pa maikulosikopu ya kusukulu. Koma kugwira kulikonse kumagwedeza chida chonse, ndipo pofika chithunzi cha 60 sukumbukiranso ngati wapotokola kale kapena ayi. Ntchito imeneyi ikufunika mota.

Loweruka, 11 Okutobala

Tsiku lonse latha ndi kumasula. Gudumu lalikulu limazungulira movutikira, kakang'ono kanali gwa. Sindinakakamize, chifukwa m'kati mwa magudumu otere mumakhala timagiya ta mano osalimba, ndipo ukalimbana nato mano amathothoka. Kopeza ena kulibe. Pa chifukwa chomwecho musamagwire gudumu la kumanja n'kumapotokola la kumanzere mobwerera. Ana asukulu amakonda kutero, ndipo maikulosikopu zambiri zimafera pamenepo.

Mayi a kunyumba ataona ndikuyala zitsulo pa tebulo anabwera ndi lichero. "Bambo, tizitsulo tanuto tikagwa pansi simutipezanso. Masulirani umu." Ndinayalamo nsalu yoyera. Pasanathe ola, nditangosolola katebulo, timipira tachitsulo tinakhuthuka m'ngalande zake, tating'ono kuposa njere za mapira, n'kugubudukira m'mphepete mwa licheromo. Pakanakhala pa simenti ntchito ikanathera pomwepo. Ndinatiwerenga, mbali iliyonse patokha, ndipo chilichonse ndisanachotse ndimayamba ndachijambula pa foni.

Girisi wakale anali atauma ngati utomoni, wosakanikirana ndi dothi losalala lija madzi osefukira amasiya m'nyumba. Ndinaviika zonse m'palafini n'kutsuka ndi mswachi wakutha. Dzimbiri linagwira timabawuti tiwiri tokha. Kachitsulo ka mano kokwezera katebulo n'kamkuwa, kanatuluka kali mbee.

Girisi watsopano ndapaka wochepa zedi. Nditabwezera zonse, katebulo kanayamba kutsika kokha pang'onopang'ono chifukwa cha kulemera kwake. Kuseri kwa gudumu lalikulu kuli mphete yolimbitsira, ndipo nditaipotokola pang'ono kanaima. Kenako ndinayesa kagudumu kakang'ono. Kanayenda myaa, osamveka kanthu, osagwira paliponse. Ndinakhala kanthawi ndikungokazungulitsa ndi zala ziwiri. Amisiri amene anasula chitsulo ichi ankaidziwa ntchito yawo. Chamira m'madzi, chakhala zaka ziwiri ndi theka pa kabati, koma kulondola kwake kulipobe, ndipo palibe chimene ine ndingapange pano ndi hakisolo chingafikeko. Zonse zimene ndiwonjezere zikhale zongochizungulitsa mofatsa, zisachisokoneze.

Lachitatu, 15 Okutobala

Tsiku la Anakubala, kulibe sukulu. Titabwerako kokaona amayi ndinakhala pansi kuyeza. Amakaniko ena okonza injini za mapampu anandibwereka kawotchi kawo koyezera, kaja kali ndi muvi umodzi, mzere uliwonse 0.01 ya milimita. Ndinakakhazika pa katebulo n'kuzungulitsa kagudumu ka 10. Muvi unasonyeza mamilimita 2. Ndinabwereza katebulo kali pansi, pakati ndi pamwamba, yankho lomwelo. Ndiye kuti kuzungulira kamodzi ndi 0.2 ya milimita, kapena kuti maikuloni 200, ndipo poti pa kagudumupo pali timizere 100, kamzere kalikonse ndi maikuloni 2.

Apa mpamene zinandikomera. Mota imene ndaitanitsa ndi ya stepper, mtundu wa NEMA 17, yomwe siingozungulira ngati ya fani koma imayenda masitepe owerengeka, madigiri 1.8 sitepe iliyonse, masitepe 200 kuti ikwanitse kuzungulira kamodzi. Masitepe 200, maikuloni 200. Sitepe imodzi, maikuloni imodzi. Ndimaganiza zoika lamba wa GT2 ndi mapule awiri, la mano 20 ndi la mano 60, kuti sitepe ichepe katatu. Ganizo limenelo ndalisiya. Sitepe yaing'ono kwambiri imene ndingafune ndi maikuloni 6, ndiye lamba angangowonjezera zinthu zoti zizilephereka.

China chimene kawotchi kanaonetsa ndi chimene amakaniko amati pulei. Ukamakweza kenako n'kubwerera, kagudumu kamayenda timizere 6 muvi uli chiimire, chifukwa mano a magiya amayamba adutsa mpata uli pakati pawo asanagwirenso. Amenewo ndi maikuloni 12, oposa kagawo konse ka lenzi ya 10. Kuchotsa mpatawo sindingathe, koma kuupewa n'kotheka: pojambula katebulo kazingokwera, osabwerera. Pofuna kupita poyambira, mota izitsika kupitirira ndi masitepe 50, kenako n'kukwera kufika pamalopo mano atagwirana kale.

Lamlungu, 19 Okutobala

Katundu wafika. Mphwanga wa ku Johannesburg anatumiza pa basi mpaka ku Blantyre, mnzanga wina n'kutsika naye. Muli mota, kakompyuta kakang'ono kolamulira chida chonse kotchedwa Arduino Nano, timabolodi tiwiri ta A4988 toyendetsera mota, ndi PC817 zingapo zolumikizira Arduino ndi kamera.

Lero ndalimbana ndi mbali ya kamera. Mutu wachuku uja ndauchotsa, malenzi ndawasiya pamalo pake. Pa malenziwa palembedwa 160, kutanthauza kuti anapangidwira chubu cha mamilimita 160, ndipo chithunzi chimakapangika mamilimita 150 kuchokera pa phewa la lenzi, pomwe imakhudzana ndi chitsulo ikamangidwa. Pamenepo mpamene sensa ya kamera, kagawo ka m'kati kolandira chithunzi, iyenera kukhala. Kamera yanga ndi Canon EOS 600D yogula kwa munthu, ndipo pa makamera amenewa sensa ili mamilimita 44 kuchokera pakamwa. Otsala ndi 106, ena ali kale m'kati mwa mkono wa maikulosikopu, enawo ndadzaza ndi paipi ya PVC. M'kati mwa paipi ndamatamo nsalu yakuda yosanyezimira, pamwamba pake chivindikiro cha kamera choboola pakati. Kulemera kwa kamera sikuli pa paipiyo ayi. Awotcherera a pamsika anandipangira chogwirizira cha ayironi chomangika pa bawuti ya pansi pa kamera.

Poyesa ndinaika lula pa katebulo. Sensayi ndi yotalika mamilimita 22.3, choncho pa lenzi ya 4 payenera kuoneka mamilimita 5.6 a lula. Panaoneka 6, kusonyeza kuti paipi yafupika. Ndinawonjezera kamphete ka mamilimita 8, zinakwana.

Loweruka, 25 Okutobala

Kagudumu kakang'ono ka kumanzere ndakachotsa, ka kumanja ndakasiya kuti ndiziona timizere mota ikamayenda. Kamtengo kachitsulo kotsalako n'kowonda kuposa ka mota, komwe n'ka mamilimita 5. Ndinakwera minibasi kupita ku Nchalo kwa amisiri a lathe, makina osemera zitsulo. Anakayang'ana, anakayeza, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ichi musachimange chitsulo ndi chitsulo. Mota ikangopendekeka pang'ono ipinda kamtengoka. Pakati pake paikeni chofewa." Anandisemera kabushi kamkuwa, ndipo cholumikizira tinadula pa paipi ya petulo ya njinga yamoto, masentimita atatu. Paipiyo imakhululuka ngati mitengo iwiriyo siinayang'anane bwino. Imapotoka pang'ono isanayambe kukoka, koma poti tikungoyenda mbali imodzi, zimenezo zikulowa m'gulu la pulei uja.

Madzulo tinalumikiza mawaya ndi mwana wanga wamkazi wa Fomu 3, iye kugwira waya, ine kuwotcha. Mota inayenda ulendo woyamba womwe, koma mobwerera. Ndinasolola mawaya awiri kuti ndiwasinthanitse, moto usanazimitsidwe. Mwana uja anangoti, "Ababa, kanunkha." Kabolodi kamodzi kanapsa pomwepo. Lamulo lake ndinkalidziwa: osachotsa waya wa mota pa A4988 batire lili cholumikiza, chifukwa makoilo a mota amabweza mphamvu yaikulu mwadzidzidzi. Chinandipweteka n'chakuti katundu ameneyu wayenda ulendo wautali ndi ndalama ya mphwanga. Katsala kamodzi. Ndalemba lamulolo pa pepala n'kumata pa batire, ndipo ndaikanso kapasita ya 100 µF pomwe moto wa mavoti 12 ukulowera, monga momwe zimafunikira.

Chida chonse chikudya batire la sola, kuti magetsi akazima pakati pa ntchito zithunzi zisaduke. Kamera ikujambula kudzera pa kabowo kake ka mamilimita 2.5 ka rimoti. Arduino siikhudzana ndi kamera mwachindunji, pakati pali PC817, kamene kamatseka dera la kamera pogwiritsa ntchito kuwala kwa m'kati mwake, kotero chitalakwika china mbali ya mota, kamera siingapse. Pulogalamu yake ndi yaifupi: sunthani, dikirani masekondi awiri, jambulani, dikirani awiri ena, bwerezani. Mabatani alipo atatu, lokweza, lotsitsa ndi loyambitsa. Ndaikanso malire kuti isapitirire masitepe 3,000, kuopa kuti katebulo kangakagunde lenzi ine nditatuluka.

Lamlungu, 2 Novembala

Dzulo masana ndinajambula nankafumbwe woyamba, zithunzi 44. Nditalumikiza pa laputopu mtima unagwa. Ubweya uliwonse unaoneka pawiri, mwendo umodzi unali ngati wapakidwa ndi chala, ndipo mbali ina ya msana inali mizeremizere. Mota inali itachita zonse zimene ndinaiuza, timizere ta pa kagudumu tinkagwirizana ndi masamu. Cholakwika chinali kwina, ndipo lero lonse ndakhala ndikuchisaka.

Ndinayamba ndi kugwedezeka. Ndinaika mbale ya madzi pa tebulo, n'kuunikira tochi kuti kuwala kugwere pa khoma. Ukangoyang'ana tebulo umati lili phee, koma kuwala pakhomapo kunali kuvina. Nyumba yathu ili pafupi ndi msewu wa M1, ndipo lole ikamadutsa kuvinako kumakula mpaka itapitirira. Chigayo cha kuseri chikaliza, kumanjenjemera kosalekeza. Ngakhale munthu kuyenda m'chipinda kumaoneka. Pa kamera, ukakuza chithunzi pa sikirini, mlomo wa nankafumbwe umachita kugwedera ngati bango pamadzi. Poti ndikuunikira ndi nyali ziwiri za LED, chithunzi chilichonse chimatenga theka la sekondi, nthawi yokwanira kuti kugwedera konseko kulowe.

Chida ndachitsitsa pa tebulo. Tsopano chili pansi pa simenti, pamwamba pa chimwala cha konkire chotsala pomanga khonde, ndipo pansi pa chimwalacho pali chubu cha njinga chopopa pang'ono, chofewa ndithu. Mbale ya madzi nditaiika pamenepo, lole inadutsa kuwala kuli chete. Kamera nayo ili ndi kugwedeza kwake, kagalasi ka m'kati kamene kamadumpha pojambula. Pa live view, pamene ukuonera pa sikirini ya kamera, kagalasiko kamakhala katakwera kale ndipo kujambula kumayamba popanda chomenya, ndiye ndizigwiritsa ntchito imeneyo.

Kenako kutentha. Dzulo choyezera cha pakhoma chinafika madigiri 41 m'chipinda, pansi pa malata. Amene amakhala kuno akudziwa kuti Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe zimenezi si zachilendo. Kamera inaonetsa chizindikiro chochenjeza kuti yatentha tisanafike n'komwe pakati, ndipo zithunzi zomalizira zili ndi timadontho tamitundumitundu m'malo akuda. Mota nayo inali yosagwirika. Ndinali nditaipatsa moto wokwana ampeya imodzi, ndipo mota ya stepper imadya moto ngakhale itaima, pogwira malo ake. Kutentha konseko kumalowa m'thupi la maikulosikopu kudzera pa chitsulo chimene ndinamangirapo. Aluminiyamu wotalika mita imodzi amafutukuka ndi maikuloni 23 pa digiri iliyonse. Pa mkono wa masentimita 20, digiri imodzi yokha ndi maikuloni pafupifupi 5, pomwe sitepe yanga pa lenzi ya 10 ndi 6. Kagudumu kaja kamazungulira ndi zala ziwiri, sikafuna mphamvu yonseyo. Pa A4988 pali kosinthira kakang'ono, ndipo moto wopita ku mota umapezeka pogawa mavoti a pa kosinthirako ndi 8 mutaichulukitsa kaye ndi resistor ya pabolodipo. Yanga yalembedwa R100, ndiye kuti 0.1 ohm. Ndatsitsa mpaka mavoti 0.32, omwe akupereka ampeya 0.4. Mota ikungofunda tsopano, ndipo masitepe siikudumpha. Ndaisamutsiranso pa kathabwa ka mlombwa kuti isakhudzane ndi thupi lija, ndipo ndaiika kuti sitepe iliyonse izigawika pasanu n'patatu, iziyenda mosalala m'malo mogunda.

Mwendo wopakika uja sunali wa chida. Kachilomboko ndinali nditangokapha kumene mufiriji, ndipo pansi pa nyali kamauma, mwendo n'kumapindika pang'onopang'ono ine ndikujambula. Kuyambira lero ndizikayala miyendo kakadali kofewa, n'kukasiya masiku awiri kuti kaume.

Loweruka, 8 Novembala

Ndadzuka 3 koloko usiku. Chigayo chili chete, msewu ulibe galimoto, choyezera chili pa 29. Mawindo ndatseka chifukwa nyali zimaitana tizilombo tina tosafunika, komanso phulusa la nzimbe zootchedwa limene mphepo imabweretsa masiku ena.

Kukonza kachilombo kwanditengera nthawi yoposa kujambula. Nankafumbwe amatuluka m'thumba ali mbuu ndi ufa, ndipo kaufa kamodzi pa chithunzi kamaoneka ngati mwala. Ndinamutsuka mu spirit masiku awiri apitawo, lero ndachotsa zotsalira ndi tsitsi limodzi la mchira wa mbuzi lomata pa kamtengo ka machesi. Ndamumata pansonga ya singano ndi kadontho ka polishi wa zikhadabo. Thupi lake limanyezimira, choncho ndamuvundikira ndi kapu yoyera ya yogati yodula pansi, nyali zili kunja, kuwala kukulowa mofewa mbali zonse.

Zithunzi 44, sitepe ya maikuloni 40, kuya konse mamilimita 1.76. Ndinadina batani n'kukhala pansi osasuntha. Mumdimamo mumangomveka kamota kakuti tsii, bata, kamera thapu, bata. Mphindi zinayi zinatha choncho. Ndinalumikiza ndi Picolay, pulogalamu yaulere, ndipo chithunzi chinayamba kutuluka pa sikirini kuchokera pamsana kutsikira kumiyendo.

Ndakhala ndikuphunzitsa za kachilombo aka zaka zonsezi, koma lero mpamene ndakaona. Chifuwa chonse n'chodzaza timaenje tozungulira, tothithikana ngati chisa cha njuchi, ndipo m'kaenje kalikonse muli kaubweya kamodzi kakafupi konyezimira. Pa zikamba zophimba mapiko timaenjeto tafola m'mizere ngati mapando a chimanga, ndipo madontho anayi ofiirira aja, amene m'mabuku amangokhala mawu, ali apo, awiri mbali iyi awiri mbali inayo. Mlomo ndi wautali, wopindikira pansi ngati chitamba cha njovu za ku Majete, tinyanga take topindika ngati chigongono, ndipo mano ali kunsonga kwenikweni, tating'ono. Ndi amenewo wamkazi amaboolera njere, n'kuikiramo dzira, n'kumata pabowopo. Mwana amakulira m'kati, n'chifukwa chake chimanga chimaoneka chabwino kunja chili chodyeka kale.

Kusanache ndinajambulanso wachiwiri, wochokera m'nkhokwe ya aneba imene ikungotuluka ufa. Onse timangoti nankafumbwe, koma uyu ndi wina, uja wamkulu, Prostephanus truncatus. Mlomo wautali alibe. Ukamuyang'ana kuchokera pamwamba mutu suoneka n'komwe, unabisala pansi pa chifuwa chokhala ndi timinga ngati tupa, ndipo kumbuyo kwake n'kodukiza ngati anachita kudula ndi mpeni. Kwawo ndi ku Mexico ndi ku Central America. Analowa mu Africa kudzera ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kuno ku Malawi anafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kuyambira kumpoto. Kusiyanitsa awiriwa kuli ndi phindu kwa mlimi. Wamkuluyu amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe ndi makaka, ndipo amasakaza kwambiri chimanga chosungidwa ndi zitsononkho, n'chifukwa chake alangizi amalimbikira zoti tizitong'ola. Mankhwala a pirimiphos-methyl amene amapha nankafumbwe wamba samugwira bwino iyeyu, ndiye chifukwa chake mankhwala afumbi osungira mbewu amasakanizidwa ndi ena monga permethrin. Zithunzi ziwirizi zikaikidwa pamodzi, mwana wa Fomu 1 atha kuona kusiyana kwake ali kumbuyo kwa kalasi.

Loweruka, 15 Novembala

Amalume a ku Miseu Folo anabwera ndi kabotolo ka mapira ofumbwa atamva za ntchitoyi. Ndinawaonetsa chithunzi pa laputopu. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsanulira mapira m'dzanja, kadontho kamodzi kakuyenda pa chikhatho. "Mphwanga, ukuti ichi ndi ichi?" Ndinati eya, amalume. Analoza mlomo uja ndi chala, osakhudza sikirini. "Ndiye chida chake n'chimenechi." Anapempha kuti ndiwasindikizire pa pepala akaonetse anzawo a kukalabu.

Anafunsanso ngati wa m'mapira mwawo ndi yemweyo wa m'chimanga. Apa ndinawauza zoona, kuti chithunzi changa sichingayankhe. Pali mitundu iwiri yofanana kwambiri, Sitophilus zeamais ndi Sitophilus oryzae, yonse imadya chimanga, mapira ndi mpunga, ndipo akatswiri amaisiyanitsa motsimikiza pochita kung'amba n'kuona ziwalo zoberekera. Pansi pa zithunzi zanga ndizingolemba Sitophilus, malo ndi mbewu imene ndinamupezamo.

Usiku ndinayesa lenzi ya 10 pa mutu wokha. Zithunzi 118, sitepe ya maikuloni 6, mphindi pafupifupi 10. Palibe kagawo kodumphidwa, ndipo timaso tating'onoting'ono topanga diso lake tikuwerengeka. Chida chapirira mayeso amene ndimawaopa. Zofooka zili pa lenzi. M'mphepete mwa zinthu zowala mukuoneka kamzere kofiirira mbali ina, kobiriwira mbali ina, chifukwa malenzi akale ambiri anapangidwa kuti galasi la kumaso lija lizimalizitsa kukonza mitundu, ndipo ine ndinalichotsa. M'makona namonso muli chimbuuzi, poti sensa kuchoka kona ina kufika ina ndi mamilimita pafupifupi 27, kuposa bwalo limene lenziyi imajambula bwino. Ndikumadula m'mbali n'kusiya pakati. Kwa ana asukulu ndi alimi zikukwanira, ndipo sindigula lenzi ina chaka chino.

Pa chithunzi chilichonse ndayamba kuikapo kamzere kosonyeza milimita imodzi. Pa lenzi ya 4 ndi mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, pafupifupi 930, powerengera kuti chithunzi chonse ndi 5,184 pa mamilimita 5.6 aja. Popanda kamzereko munthu angaganize kuti m'nkhokwe mwalowa chilombo chachikulu ngati khoswe.

Lamlungu, 30 Novembala

Mvula yagwa kawiri sabata ino, usiku kukuzizirako, ndipo ndikutha kuyamba ntchito 9 koloko m'malo modzuka pakati pa usiku. Chinyezi chabwera ndi nkhawa yake, chuku chija chinapha mutu wa maikulosikopu. Malenzi ndikumawachotsa ndikamaliza n'kuwatsekera m'botolo la galasi muli timapaketi toyamwa chinyezi.

Mbozi zandikanika. Ndinatola za fall armyworm m'chimanga cha kudimba, zija zinafika m'dziko muno nyengo ya 2016/17 zimene ambiri amaziphatikiza ndi ntchemberezandonda kapena kapuchi. Ndimafuna chizindikiro chija chonga Y wozondoka pamutu, ndi timadontho tinayi takuda tokhala mwa sikweya chakumchira, poti ndi zimene mlimi angayang'ane. Koma thupi la mbozi ndi lofewa, limafota pansi pa nyali mphindi zisanu zisanathe, ndipo zithunzi sizikulumikizana. Ndayesa kuiviika kaye m'madzi otentha kuti iwongoke, kenako mu spirit. Yawongokadi, koma ikangotuluka m'madzi ikuyambanso kufota. Komanso yaikulu imafika masentimita atatu kapena anayi, siikwana pa lenzi ya 4, ndiye mutu ndi mchira zijambulidwa padera.

Sabata ikubwerayi ndiyesa kuijambula ili m'kambale kosaya ka spirit, nditaipanikiza ndi tisingano tiwiri kuti isayandame, ndi kuchepetsa kudikira kufika sekondi imodzi kuti ntchito izitha spirit asanauluke. Ngati madziwo azigwedera mota ikasuntha, ndichepetsa liwiro lake m'pulogalamu. Mawaya akadali pa bolodi loyesera ndipo mmodzi anasololoka Lachinayi, ndiye Loweruka tiwawotcherera pa bolodi lokhazikika ndi mwana uja n'kuwatsekera m'kabokosi. Zithunzi ziwiri za anankafumbwe ndatumiza ku Blantyre kuti akasindikize pa A3, zitatu zitatu: za m'kalasi, za amalume, ndi za alangizi a dera lathu amene anadzaona chidachi Lachiwiri n'kusiya kabotolo ka kodikodi wa pa thonje la chaka chatha kuti ndiyese.